Wogwira Chingwe pa Mphuno ya Abusa

— Halo?

— Halo, Trevor? Ukundimva?

— Halo? Ndani kodi? Kuno ndikungomva chimphepo chokhachokha.

— Ndine Hilary, iwe! Mlongo uli naye mmodzi yekha, nayenso wamuiwala?

— Aaa, Hilary! Pepa, ndikuyendetsa galimoto, foni ili pa sipika, sindinaone dzina. Agogo a lero! Hape bethide, mayi. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera. Koma za agogozo usiyiretu. Iwe sikisite unaidutsa ine ndikadali ndi tsitsi lakuda.

— Lakuda la m'botolo.

— Kaya la m'botolo, koma lilipo. Lako lili kuti? Waswera bwanji iweyo?

— Ndaswera bwino, kaya kumeneko.

— Kuno tilipo. Mlamu wanga Pauline ali bwanji? Chifuwa chija chinatha?

— Chinatha, wayambanso kundilamula ndi mawu onse. Akuti mawa mubwere ndi Neville, wakuphikira keke ya mandimu. Makandulo okha wakana, akuti akayatsa onse nyumba ipsa.

— Umuuze zikomo. Nanga bondo lachitsulo lija likuti bwanji?

— Kukazizira limalira ngati chitseko cha garaja. Koma ndikuyenda. Alamu anga a Neville ali bwanji?

— Ali... alipo. Ali pansi pathanthwe apo ndi flasiki yake. Kodi ukupita kuti Loweruka madzulo ano?

— Ine? Aa, pafupi pompa. Pauline wandituma manyowa a maluwa.

— Manyowa? Mwezi wa Okutobala, kuzizira kwayamba, maluwa afota kale?

— Mkazi akatuma sufunsa mwezi. Tandiuza, misala ija waichitadi?

— Si misala.

— Anzako akakwanitsa sikisite amavala diresi n'kupita kukadya ku hotela. Iwe ukuti ayi, ukwera thanthwe njira sikisite tsiku limodzi, chaka chilichonse njira yake. Anakutuma ndani?

— Palibe.

— N'chifukwa chake. Akanakutuma munthu, ukanakana. Ndiye wafika pati?

— Fifite naini.

— Iwe! Zoona?

— Ndinayamba kusanache bwinobwino, miyala ikadali yozizira.

— Koma mwana wa mayi anga! Fifite naini! Ndikanaomba m'manja koma ndagwira chiwongolero. Thupi likuti chiyani?

— Thupi linasiya kundilankhula masana. Zala zatheratu, mwala wa kuno umaudziwa momwe umadyera khungu. Ngakhale foni yakana chala changa, ndachita kulemba manambala kuti itseguke. Mikono ili ngati ya munthu wina.

— Wadyako kanthu?

— Nthochi, tiyi, ndi tchizi chimene Neville... halo? Trevor?

— Halo? Unatayika. Bwerezanso.

— Dikira ndikwere pamwala uja wa netiweki. Eya. Pano bwanji?

— Pano ndiye bwino. Mwala umenewo ukadalipo? Ndi pomwe ndinkaima ponamiza Pauline kuti ndili ku ofesi.

— Ulipo. Koma batire latsala pang'ono, kuzizira kwalidya. Ikaduka usadabwe.

— Chingwe chokuteteza ukagwa wakhala akukugwirira ndani pansi tsiku lonse? Moira?

— Moira mnzanga yemweyo, mayi wa Mulungu. Njira zonsezo wagwira yekha, khosi lachita kuuma ndi kuyang'ana m'mwamba. Neville anati phewa likumuvuta, iye agwira yomaliza yokha. Ndiye tsiku lonse ntchito yake yakhala tiyi ndi kuyendera mfundo.

— Inspekitala wa mfundo! Ntchito imeneyo sangaisiyire munthu.

— Eee.

— Moira akadali pompo?

— Wapita. Akulowa ntchito kuchipatala madzulo ano, anachedwa kale. Anthu enanso atsika. Tatsala awiri, ine ndi Neville.

— Yomalizayo ndi iti?

— Ukufunsa ngati sukudziwa. Mphuno ya Abusa, njira ija ya mwala wotuluka ngati mphuno.

— Hee! Pomwe ndinakubweretsera mwamuna.

— Sunandibweretsere mwamuna. Unathawa kukamwa mowa n'kundisiya ndi mnzako wandevu amene sindinkamudziwa n'komwe kuti andigwirire chingwe.

— Ndipo unagwa pamphuno penipeni, iye n'kukugwira. Ukwati n'kuyambira pomwepo. Mpaka lero simunandithokoze.

— Ndagwapo kangapo pamenepo, Trevor. Ndili ndi mphamvu zanga zonse, ndagwapo. Lero manja ali chonchi...

— Ukuopa? Iwe Hilary?

— Kugwa sindikuopa. Kugwa n'kozolowera.

— Nanga?

— Trevor, Neville unalankhula naye liti komaliza?

— Neville? Aa... kaya. Masiku apitawa. Za mpira basi. Bwanji?

— Unamuona bwanji?

— Ndinamuona ngati Neville. Ndevu zomwe zija. Ho, ho, ho! Taimani inu!

— Chachitika n'chiyani?

— Palibe, nkhosa zadzaza msewu.

— Nkhosa? Mumzinda wa Leeds?

— Ndadzera njira yakunja. Kumalo a manyowa kuja n'kutali ndithu. Lankhula, ndikumva.

— Sindikudziwa poyambira. Sindinauzepo munthu.

— Yambira pakati, poyambira tipapeza.

— Mwambo wathu umaudziwa. Ndikamanga chingwe palamba wanga wam'chiuno, Neville amabwera, amaigwira mfundo, amaitembenuza, amatsata chingwe ndi chala, kenako amaigogoda kawiri. Akagogoda ndiye ndimakwera.

— Ndani sadziwa? Ine anandimasulitsapo mfundo yabwinobwino, ati yapindika moipa. Mvula ikugwa, munthu ndikunjenjemera, iye ali, manganso.

— Lero chakum'mawa, ndili pa njira ya twente chakuti, Moira ankandiseketsa ndi nkhani za kuntchito kwake. Ndinalowetsa chingwe palamba, ndinayamba kubweza mfundo, n'kusiyira panjira. Kuseka. Sindinadziwe kuti sindinamalize.

— Zimachitika. N'chifukwa chake pali woyendera.

— Neville anabwera. Anaigwira, anaitembenuza, anaiyang'anitsitsa. N'kugogoda kawiri.

— Mfundo yosatha?

— Inali pa theka chabe, Trevor. Mwana wa sukulu akanaiona. Anagogoda, anandimwetulira, n'kubwerera kukathira tiyi. Ine phazi lili kale pamwala. Moira ndiye anandikoka malaya, n'kundilozera mfundoyo ndi maso. Nditayang'ana, ndinatsitsa phazi n'kuimanganso.

— Mwina dzuwa linamuthobwa m'maso. Mwina anaiwala magalasi.

— Nanenso ndinadziuza zomwezo. Ndiye masana ndinachita chinthu choipa. Ndinamuyesa. Ndinaisiya dala yosamaliza.

— Ndiye?

— Anagogodanso.

— Mayo.

— Kawiri, ndi chala chomwe chija. Ati, yakhala bwino, mtsikana, kwera. Ndinatembenuka ngati ndikupukuta nsapato, n'kuimaliza mobisa. Njira imeneyo ndinaikwera osaona mwala, misozi ili m'maso. Moira ankaganiza kuti ndi mphepo.

— Hilary...

— Ndipo si lero lokha. Ndakhala ndikuona koma ndikutseka maso. Ketulo ndinaipeza mufiriji. Mwezi watha anapita kukagula buledi pakona pathu pompa, anabwera patapita nthawi yaitali, buledi alibe, akuti msewu ausintha. Msewu sanausinthe, Trevor. Dzina la galu wathu amalifunafuna. Ine ndimangoseka, ndimati ukalamba. Iyenso amaseka. Tonse timangoseka.

— Kwa dokotala munapitako?

— Ndingayambe bwanji? Ndinene kuti chiyani? Neville, ndikuona ngati mutu wako ukutha? Munthu amene waphunzitsa theka la mzinda wathu wa Sheffield kumanga mfundo? Ndinkati lidutse kaye tsiku la leroli. Ndinkati ketulo ndi ketulo, koma pathanthwe sangaiwale, zimenezo zili m'magazi. Ndiye lero ndaona ndi maso anga.

— Pano ali kuti?

— Ndikumuona kuchokera pano. Wavala kale lamba, chingwe wachiyala bwinobwino pansi pa Mphuno. Akundidikira. Wakhala akulankhula za njira imeneyi chilimwe chonse. Akuti fifite naini ndi za Moira, koma ya sikisite ndi yanga.

— Ehe.

— Ndagwira njakata, achimwene. Ndikakwera n'kugwa, iye n'kuiwala dzanja logwira, kapena walowetsa chingwe molakwika m'kachitsulo kake kogwirira chingwe, pansi paja ukupadziwa, miyala yokhayokha. Ine ndiye zanga zatha, koma iye? Akhala nazo bwanji? Ndikakana, andifunsa chifukwa. Ndimuuze pa tsiku langa lobadwa, pansi pa njira imene tinakumanirana, kuti sindikukhulupiriranso manja ako?

— Ungonena kuti watopa.

— Ine? Kutopa pa fifite naini? Angadziwe pompo kuti ndikunama. Pazinthu zina ndamunamizapo, mtengo wa nsapato, zotero. Koma pathanthwe sitinamizana. Ndiye lamulo lake loyamba.

— Sankha ina yophweka, yoti sungagwe.

— Ndinayesa. Ndinati tiye pa njira ya Makwerero ija, dzuwa likupita. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Ati, tinagwirizana Mphuno.

— Ndiye umuuze adikire pang'ono. Upume kaye. Usafulumire, Hilary, ukundimva? Usakwere pakali pano.

— Kudikira ndiye akudikiritsa ndi iyeyo! N'chinanso chikundiopsa. Kuyambira pomwe Moira wachoka, sakukhazikika. Ndikati tiye, akuti imwa kaye tiyi. Ndamwa. Akuti mwala uzizire kaye kuti nsapato zigwire bwino. Mwala wa Okutobala uzizirenso kufika pati? Ndiye akungoyendayenda, kuyang'ana kumsewu, kuyang'ana wotchi, kuyang'ananso kumsewu, ngati munthu wosadziwa kumene ali. Trevor, ndikuganiza kuti nthawi zina akuiwala chimene tabwerera.

— Ayi, zimenezo ayi. Sanaiwale.

— Ukudziwa bwanji uli ku Leeds?

— Ndangoti... Neville sangaiwale Mphuno. Taima, ndidutse apa.

— Chimenecho n'chiyani?

— Chiti?

— Chalira pansi pa galimoto yako. Grrrr.

— Msewu woipa chabe.

— Trevor. Zimenezo ndi zitsulo zija anayala pamsewu kuti nkhosa zisadutse. Ndazimva kawiri, pafoni ndi kunja kuno. Ndi za pansi pa thanthwe lino. Ndadutsapo moyo wanga wonse, chachitatu chake n'chomasuka, chimalira mwa chokha.

— Zitsulo zotero zili paliponse, mlongo.

— Ndikuona galimoto yobiriwira ikukhota poimika magalimoto. Yobiriwira, yonyansa, ya denga lopindika. Usandiyese mwana. Ukutani kuno?

— Ndabwera kudzakuimbira nyimbo ya bethide.

— Unayamba liti kuyenda ulendo wonsewu ndi bondo limenelo chifukwa cha nyimbo? Chaka chatha unanditumizira meseji patapita masiku awiri. Wakuitana ndani?

— Dikira ndizimitse injini.

— Wakuitana ndani, Trevor?

— Neville.

— Neville?

— Anandilumbiritsa kuti ndisanene. Ndimayenera kungotulukira ngati ndikudutsa, ndi botolo m'manja. Ndachedwa chifukwa cha thirakita ina ndi nkhosa zija. Kumsewu akuyang'anako akuyang'ana ine. Tiyi akukumwetsayo akudikira ine.

— Sindikumvetsa. Akufuna udzatani?

— Ndidzaime kumbuyo kwake. Iye agwire chingwe, ine ndigwire mchira wa chingwecho, kuti chikamupulumuka ndichigwire.

— Ngati momwe amachitira ndi ophunzira.

— Ngati momwe amachitira ndi ophunzira.

— Ndiye kuti... Trevor, ndiye kuti akudziwa?

— Akudziwa, Hilary.

— Kuyambira liti?

— Mu Ogasiti. Tsiku lija anati tikupita kukaonera masewera a kriketi.

— Munabwera opanda mawu. Ndinkaganiza kuti timu yanu yaluza.

— Tinali kwa dokotala. Anandipempha ndimuperekeze, ati zimene anene adokotala mwina sindizigwira zonse, ubwere undisungire. Anamuyeza, anamujambula mutu, tinabwereranso ulendo wina. Ndi chiyambi cha matenda aja oiwala. Akuti akadali poyamba, pali mankhwala ochedwetsa, wayamba kale kumwa. Amawasunga m'thumba lake la zitsulo zokwerera, poti iwe m'menemo sugwiramo.

— Mwandibisira. Anthu awiri, mwamuna wanga ndi mchimwene wanga, miyezi yonseyi!

— Inde.

— Ine kumagona chagada, kumadzifunsa ngati ndikupenga, kumachotsa ketulo mufiriji mwakachetechete kuti asachite manyazi, inu mukudziwa! Pauline nayenso?

— Pauline sakudziwa. Akanadziwa Pauline, bwenzi dera lonse la Yorkshire likudziwa.

— Usandiseketse, ndakwiya!

— Kwiya, uli ndi ufulu. Ine ndinamuuza kuti si bwino. Ndinati mkazi wako si mwana, ndiponso akadzadziwa wophedwa ndine. Anati akuuza mawa. Mawa lenilenili, Lamlungu, mukabwera ku keke.

— Chifukwa chiyani osandiuza pomwepo?

— Anati wakhala ukukonzekera tsiku la lero chaka chathunthu, kuthamanga m'mvula, kulendewera pachitseko ngati mleme. Anati ndikamuuza pano, asiya zonse, ayamba kundiyang'anira ngati dzira, sikisite yake ithera m'chipinda chodikirira kuchipatala. Ati, masiku akubwerawa ndimulanda zambiri, koma limeneli lokha ndisamulande.

— Chitsiru cha munthu.

— Eya.

— Chitsiru changa. Ndiye phewa lija?

— Phewa lili bwinobwino. Anachita kulipeka kuti Moira agwire zinazo. Sanafune kuika moyo wako m'manja mwake popanda wina kumbuyo. Koma yomalizayi inamukanika kuisiya. Hilary? Ukulira?

— Ndi mphepo.

— Kuno kulinso mphepo yomweyo.

— Ananena kuti chiyani pokupempha? Ndiuze momwe ananenera.

— Tinali m'galimoto, kunja kwa chipatala. Anayang'ana manja ake. Kenako anati, Trevor, manja awa amugwira mkazi uja zaka zonsezi, sanamugwetsepo, ndipo akadali ndi mphamvu. Chimene chikundithawa ndi mutu. Ndiye pa Mphuno ine ndibwera ndi manja, iwe ubwere ndi mutu.

— Mutu wako iwe? Ndiye tafa.

— Ndinamuuza zomwezo. Ndinati alamu, mwasankha molakwika, mutu uwu ngakhale kusukulu anaukana. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, ndikudziwa kuti ndi komaliza. Ndikufuna ndikamuone akudutsa pamphuno paja chingwe chili m'manja mwanga, kamodzi kokha, ndikadali kudziwa chimene ndikuona.

— Mayo ine, Neville...

— Pepa, mlongo wanga.

— Munthu amene sankalola aliyense kuima kumbuyo kwake. Ukukumbuka mnyamata uja wa ku kalabu ya okwera mathanthwe anangogwirako mchira wa chingwe, momwe anamukalipira?

— Ndikukumbuka. Ndiye uganize zinamutengera chiyani kuti andipemphe ine, mlamu wake waulesi.

— Koma za mfundo sakudziwa, Trevor. Akuganiza kuti maso ake akadali bwino pamenepo. Tsiku lonse wagogoda monyadira.

— Zimenezo sakudziwadi. Nanenso sindimadziwa. Zandilasa.

— Ndiye titani?

— Mfundo ndiyendera ine. Yako, yake, kachitsulo kake, zonse. Ndichita ngati ndikukupsompsona bethide, maso ali palamba.

— Ayi.

— Ayi chiyani?

— Zobisa zakwana. Iye kundibisira, ine kumubisira, iwe manyowa a maluwa. Pathanthwe sitinamizana, ndakuuza kale. Uyendere poyera, iye akuona. Ukatha iwe, agogode iye.

— Akafunsa chifukwa?

— Sangafunse. Wakuitana yekha. Za mfundo za lero ndidzamuuza tsiku lina, tili pansi, tili ndi tiyi. Lero ayi. Koma kunamizira kuti sindikudziwa chimene wabwerera, zimenezo sindingathe. Nkhope yanga amaiwerenga ngati nyuzipepala.

— Ndiye umuuza pompano?

— Pansi pano ayi, angasokonezeke. Ndikwere kaye. Halo? Foni yalira, batire likutha. Watsika m'galimoto?

— Ndatsika, ndili pageti. Kanjira aka anakakweza liti chonchi? Kale sikanali kotsetsereka chotere.

— Kanjira n'komweko, wakalamba ndiwe. Wavala jekete yofiira?

— Yomweyo. Botolo lili m'thumba, lamba wanga wakale ndamupeza m'garaja, kaya andikwana.

— Ndakuona. Ukuyenda ngati bakha.

— Bakha wa bondo lachitsulo. Undipatse mphindi zingapo.

— Trevor, wakuona! Neville wakuona. Waimirira, akukupiza chipewa. Abale, taonani munthuyu... akuyang'ana kuno kuti aone ngati ndaona. Akunamizira kudabwa! Wagwira kumutu ngati waona mzukwa.

— Tinayeserera zimenezo pafoni dzulo. Ndiye kuti wakumbuka.

— Wakumbuka. Mapewa ake atsika, tsiku lonse anali m'makutu. Ndimaganiza kuti wasochera, kani amadikira iwe.

— Nanga manja ako? Ukwanitsa Mphuno, kapena tikakunyamule?

— Sindikudziwa. Mwina ndigwa.

— Ukagwa akugwira. Ine ndili kumbuyo, koma ndikukuuza, akugwira yekha.

— Ndikudziwa. Taima... Ndikubwera, Neville! Eee, ndamuona! Zodabwitsa zedi! ... Wamva? Ndanama kale, pathanthwe pomwe.

— Limenelo silikuwerengedwa, waima pamwala wa netiweki. Pamenepo tonse tinanamapo.

— Trevor, pali china. Ndikafika pamwamba, mwambo ndi woti wogwira chingwe amatsatira. Ndimamanga pamwamba, iye n'kukwera pambuyo panga kuchotsa zitsulo zimene ndakoleka m'ming'alu. Munakambirana zimenezo? Kapena utsatira ndiwe?

— Ine ndi bondo ili? Ndinamufunsa. Anati atsatira yekha, ngati iwe ulola.

— Ngati ine ndilola?

— Anati pansi pano iye agwira chako. Koma ukafika pamwamba, chingwe chake chikhala m'manja mwako, ndiye uyenera kusankha wekha ngati ukufuna kugwira munthu wotere. Anati si katundu wopepuka, ndipo adzalemera chaka ndi chaka.

— Ananena choncho?

— Mawu ake.

— Chitsiru. Akuganiza kuti mikono iyi ndakhala ndikuilimbitsira chiyani chaka chonse?

— Ukamuuze wekha, ine ndatopa kunyamula mauthenga a m'banja mwanu.

— Ndikamuuza pamwamba. Akangotulukira pamphuno paja, ndikamuuza zonse, kuti ndikudziwa, kuti mawa palibe choti aulule, tingodya keke. Iwe ukhale pansi ndi botolo lako, usatisokoneze.

— Ndilitsegule?

— Usayerekeze tisanatsike. Fulumira, dzuwa latsala pang'ono kulowa kuseri. Ndikupita kukamanga mfundo.

— Umange yonse ulendo uno, mpaka kumapeto.

— Ndimanga ziwiri. Yanga ndi yake.

— Hilary, hape bethide, mwana wa mayi anga. Ndimafuna ndikuuze kuti...

— Ukandiuze pano, foni ikuzi...

— Halo? Hilary? Halo? ... Eee, alamu! Ndikubwera! Gwirani chingwe, ndafika!